Za tinyali munaona ku Santhe tija

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga pamodzi ndi makomenti onse ali m'munsimo. Mwati munali pa chigafa kwanu ku Santhe, nthawi itangotsala pang'ono kukwana 7 koloko madzulo, ndiye munaona tinyali toposa 20 titandondozana ngati mikanda pa ulusi, tikuyenda mwakachetechete, kenako n'kumazima kamodzikamodzi pakati penipeni pa thambo. Mukufunsa ngati amenewa ndi alendo ochokera ku mapulaneti ena. Ena akuyankhani kale kuti ndi ndege za afiti, wina wati dziko likutha tilape. Ine ndikuti mtima ukhale m'malo. Mmene mwafotokozeramu, zimenezo ndi masetilaiti a Starlink.

Nane ndinaziona, ndipo sindikubisirani, thupi linachita tsemwe. Tinali pa siwa kwa Chulu, azibambo tili panja kuwotha moto, kwaya ikuimba m'nyumba, kum'mawa kusanayambe kufiira. Mnyamata wina amene anapita kukatenga nkhuni anabwera ali liwiro la mtondo wadooka, akungoloza kumwamba osayankhula. Tinadzuka tonse. Nyimbo inadukira pakati. Mzere wa tinyali uli tsetsetse, osaphethira, osamveka phokoso, kuli zii. Tisanakhale n'komwe pansi, munthu wina anali atatchula kale dzina la gogo wina wa m'mudzimo, ati abwera kudzatenga mtembo. Chinatipulumutsa ndi mwana wa sekondale amene anatulutsa foni yosweka galasi n'kutionetsa vidiyo ya zomwezo, yojambulidwa kumaiko akutali. Anthu anaseka mwamanyazi, koma gogo uja sanabwerenso pamalirowo kutacha. Nkhani inali itamufika.

Starlink ndi ya kampani ya SpaceX, ya Elon Musk. Ndi yomwe ija ya intaneti ya timbale toyera tapadenga, imene inayamba kugwira ntchito kuno ku Malawi mu 2023. Anayamba kuponya masetilaiti amenewa mu May 2019, ulendo woyambawo anaponya 60 pa roketi imodzi, ndipo pano alipo masauzande. Akangowatula mumlengalenga amakhala ali pafupipafupi, n'chifukwa chake amaoneka ngati mzere. Pakapita masiku amatayana, kukwera mpaka makilomita pafupifupi 500 kuchokera pansi, ndipo kuwaona kumavuta. Alibe nyali zawozawo. Kuwala munaonako ndi kwa dzuwa. Kwa ife dzuwa limakhala litalowa, koma kumtunda kumene aliko likuwalabe, monga mmene nsonga ya phiri la Kasungu imatsalira yowala m'tauni mutayamba kale mdima. Ndiye kuzima kuja, kumene kwakuopsani kwambiri, ndi pamene setilaiti iliyonse yalowa mu mthunzi wa dziko lapansi. Zonse zimazimira pa malo amodzi chifukwa mthunziwo uli pamenepo. Taganizani bwino, mupeza kuti zinali choncho.

Zina zimene zimatipusitsa n'zodziwika. Nyali imodzi yowala kwambiri, yosaphethira, yodutsa thambo lonse m'mphindi zochepa, kawirikawiri ndi International Space Station, nyumba ya akatswiri ofufuza ya mumlengalenga, imene ili makilomita pafupifupi 400 kumwamba, imazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, ndipo mwakhala muli anthu kuyambira mu 2000. Ikamaphethira, yofiira mbali ina yobiriwira mbali ina, imeneyo ndi ndege basi. Nthanda nayo, imene azungu amati Venus, mukaiyang'anitsitsa mitambo ikudutsa imaoneka ngati ikuyenda, ena amafika polumbira kuti ikuwatsatira panjinga. Tisaiwalenso kuti Kasungu wathu yemweyu ndi kumene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni, tindege topanda munthu m'kati, mu June 2017, pa bwalo la ndege lija. Kanthu kouluka kachilendo kwathu kuno si nkhani yoti mpaka tiitane mizimu.

Miyala yogwa kuchokera kumwamba iliponso, ndipo imeneyi ndiyedi mlendo weniweni. Ku Zomba unagwa mu January 1899, ku Machinga mu January 1981. Wa ku Botswana wa pa 2 June 2018 akatswiri anauona usanafike, ndipo zidutswa zake anakazitola m'chipululu cha Kalahari. Koma mwala umang'anima kwa masekondi ochepa chabe, suyenda pang'onopang'ono pa mzere.

Tsono pa funso lanu lenileni, loti kodi kunjaku kuli zamoyo zina. Ine sindingaseke munthu wofunsa zimenezi. Tulukani usiku wopanda mwezi cha ku Lifupa, mdima wa ndiwe yani, muone mmene Mlalang'amba umayalira. Nyenyezi iliyonse imene mukuionayo ndi dzuwa palokha, ndipo mapulaneti ozungulira nyenyezi zina amene atsimikizidwa anapitirira 5,000 mu 2022. Kunena kuti m'munda waukulu chonchi munamera phesi limodzi lokha, kwa ine kumandivuta. Koma kukhalako ndi nkhani ina, kufika kuno ndi nkhani inanso. Vuto ndi mtunda. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka pa dzuwa kufika kwa ife kumatenga mphindi 8. Kuchoka pa nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri, Proxima Centauri, kumatenga zaka zopitirira 4. Chombo cha Voyager 1, chimene anachiponya mu 1977 ndipo chikuyenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, chitati chilunjike kumeneko chingatenge zaka zoposa 70,000. Ndiye munthu ayende ulendo wonsewo, angodutsa pamwamba pa chigafa chanu osatsika n'komwe kupempha madzi akumwa? Mlendo wamtundu wanji ameneyo?

Wina m'makomenti watchula za ku Zimbabwe, ndipo nkhaniyo ndi yoona kuti inanenedwa. Pa 16 September 1994, ana pafupifupi 60 a pa sukulu ya Ariel ku Ruwa anati anaona chombo chitatera kuseri kwa bwalo lamasewera, mutatuluka tianthu ta maso akuluakulu. Dokotala wa za maganizo wa ku yunivesite ya Harvard ku America, John Mack, anabwera kudzacheza nawo, ndipo ambiri a iwo atakula sanasinthe mawu. Sindikuti anawo ananama. Koma chimene ofalitsa nkhaniyi amakonda kusiya n'choti masiku awiri m'mbuyo mwake anthu ambiri kum'mwera kwa Africa kuno anaona moto ukudutsa kumwamba usiku, umene pambuyo pake unadziwika kuti chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia chikupsa pobwerera, ndipo nkhani ya zombo zachilendo inali ili m'kamwam'kamwa. Palibe mphunzitsi amene anaona zimene anawo anaona, palibe chithunzi, palibe kachitsulo kotsala. Ife amene tinaona mmene mphekesera za anamapopa zinayendera ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, mpaka anthu kuphedwa, tikudziwa kuti khamu likhoza kukhulupirira chinthu ndi mtima wonse popanda aliyense kufuna kunama.

Aku America nawo afufuza. Mu 2021 anatulutsa lipoti la zinthu 144 zimene asilikali awo anaona, n'kulongosola chimodzi chokha, chomwe chinali chibaluni. Anthu anadumpha nacho chiwerengerochi. Koma "sitikudziwa" sikuti "ndi alendo". Lipoti lina la mu March 2024 linanena kuti sanapeze umboni uliwonse wa zipangizo zochokera kunja kwa dziko lapansi.

Kutsutsa galu n'kukumba, achimwene. Pa intaneti pali masamba monga Heavens-Above pamene mukhoza kulemba Kasungu n'kuona nthawi imene masetilaiti adutse, mbali imene atulukire ndi imene akazimire. Chinthu chimene mwana wa sukulu angalosere pa foni mpaka mphindi yake sichingakhale lichero la mfiti. Ndipo kwa amene mwayamba kale kulozana zala m'makomentimu, lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, kunena mnzako kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Mukadzazionanso, lembani nthawi, mbali yomwe zachokera, ndiponso ngati zikuphethira kapena ayi, mudzaponye pagulu pano tidzafananize ndi a ku Nkhamenya ndi a ku Chamama. Zikakhala za makilomita mazanamazana kumwamba, onsewo adzaziona nthawi imodzi. Pojambula muzimitse kaye getsi la sola lapakhonde, foni muitsamiritse pa mtengo wa chigafa kuti isagwedere.