Inu a ku Chipata amene mwangofika ku Germany, samalani ndi zimene mukutumiza pafoni

Sabata yatha muphwa wanga, mwana wa achemwali a ku Kapata, anaponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp. Chinali cha munthu wa mphuno yokhota akutikita manja, pansi atalemba kuti banja lachiyuda la Rothschild ndilo mwini wa mabanki onse padziko. Mnyamatayu wangotha miyezi itatu kuno, akuphunzira unamwino. Nditamuimbira anati, "Amalume, si nkhani ya mabanki chabe iyi?" Tulo sindinatione usiku umenewo.

Anthu odana ndi Ayuda masiku ano satchula mawu oti Myuda. Amalankhula m'zining'a kuti amvane okhaokha, ndipo mlendo amangonyamula katundu wawo osadziwa chili m'thumba.

Choyamba, manambala. H ndi chilembo cha nambala 8, ndiye 88 ndi HH, kutanthauza "Heil Hitler", moni wa otsatira Hitler. 18 ndi AH, zilembo zoyamba za dzina lake, Adolf Hitler. 14 akuimira chiganizo cha mawu 14 cha David Lane wa ku America, chonena kuti azungu atetezedwe ku mitundu ina. Mukaona 1488 pa dzina la munthu, musamulandire n'komwe.

Apa ndi pamene panandipweteka ine. Ndinabadwa mu 1988, ndipo imelo imene ndinatsegula ndili kwathu inkathera ndi 88. Ndinafunira nayo ntchito, ndinafunira nayo nyumba. Tsiku lina mayi amene tinkagwira naye ntchito ya usiku anandifunsa nkhope ili gwa ngati ndikudziwa chimene ndikulemba. Manyazi ake sindidzaiwala. Chimene chimandiwawabe n'chakuti mkulu wina wakwathu, amene anandichingamira pabwalo la ndege, ankaiona imeloyo kwa chaka chathunthu ndipo ankadziwa. Nditamufunsa anangoseka. Munthu woti tinkadya naye nsima mbale imodzi!

Chachiwiri, dzina lotsekeredwa m'mabulaketi atatu mbali zonse. Akuloza kuti mwini dzinalo ndi Myuda, anzawo amutukwane. Chimodzimodzi nkhani za "globalists", za George Soros (Myuda wolemera kwambiri), za kagulu kobisika kolamulira dziko lonse. Izi zimatikola msanga ife chifukwa tinaona kwacha ikugwa, tikudziwa ululu wa ngongole za boma, ndiye wina akati "ndikuuzeni amene akukudyerani" timatchera khutu. Koma bodza limeneli ndi lomwe linatsogolera kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni m'nthawi ya Hitler, kumene amakutcha Holocaust.

Musaganize kuti ndi mlandu wa azungu okhaokha. Omwewo amati Ayuda ndiwo akubweretsa ife anthu akuda kuti tilowe m'malo mwa azungu. Amachitcha "Great Replacement", ndipo akati "Remigration" akunena zotipitikitsa. Amene anafuna kuthyola sunagoge ku Halle, kuno ku Germany, pa 9 October 2019 atalephera anakapha munthu pamalo ogulitsa kebab. Ku Hanau, pa 19 February 2020, wina anawombera ndi kupha anthu 9 a m'mabanja ochokera kunja.

China, lamulo. Kuno kufalitsa swastika (chizindikiro cha chipani cha Hitler) kapena chizindikiro cha SS (gulu lankhanza la Hitler) ndi mlandu pansi pa ndime 86a ya malamulo a milandu, mpaka zaka 3 m'ndende. Kukana poyera kuti Holocaust inachitika, ndime 130, mpaka zaka 5. Kunena kuti "ndinangotumiza" sikukupulumutsani, ndipo mlandu ukalembedwa umafika kwa oona za mapepala anu okhalira. Ganizirani ng'ombe zimene makolo anagulitsa ku Katete kuti mukwere basi ya ku Lusaka ija.

Safunsa anadya phula. Chithunzi chimene simukuchimvetsa, funsani kaye ife amene takhalitsa, ngakhale pakati pa usiku. Muphwa wanga anafufuta chake, koma chinali chitafika kale pa gulu la kwaya ya kwathu, ndipo mpaka lero ndikuimbirabe anthu mmodzimmodzi kuti achichotse.