Kwa madamu ofunsa za nyanja yamchere ndi magalafu ku Sitandade 2

Madamu, ndaliona funso lanu. Mukuti mukufuna sabata imodzi yoti ana anu a Sitandade 2 aphunzire za nyanja yamchere, masamu a magalafu, Chichewa ndi zojambula zikuyendera pamodzi, ndipo mukufunsanso koti mungapeze zipangizo. Ine ndiyankha pa madzi ndi masamuwo, poti ndi zimene ndazigwira ndi manja anga zaka zingapo ku infanti (makalasi a ana aang'ono), kuno ku Kasungu kufupi ndi mlatho wa Bua.

Musathamangire zimene ena alemba pamwambapa zoti mungokopera mapepala a pa intaneti n'kukapanga fotokope. Ndinayesapo. Kalasi yanga inali ndi ana opitirira 110, fotokope pa boma nthawi imeneyo inali cha m'ma K100 pepala limodzi, ndiye werengani nokha, ndipo pano yakwera. Mapepala amenewo analembedwera ana amene shaki ndi octopus amaziona pa TV tsiku ndi tsiku. Funso lake linali lakuti nyama ya m'nyanja imene umaikonda ndi iti. Nanga mwana wa kuno angakonde bwanji chinthu choti sanachionepo? Mnyamata wina wolongolola atangofuula kuti shaki, kalasi yonse inatsata pomwepo. Galafu inatuluka ndi mzere umodzi wautali, kwinako kopanda kanthu, moti panalibe choyerekeza ngakhale chowonkhetsa. Aja akuti tengani ana mupite nawo ku Salima kapena ku Nkhotakota, nawonso aganize kaye. Kuchoka pa Kasungu boma kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita opitirira 100, hayala ya kosita ndi ndalama za m'mahandiredi sauzande, ndipo ana a zaka 7 okwana kalasi yonse simungawalondere nokha m'mbali mwa madzi akuya. Mukakafika kumeneko mudzakhalabe musanawaonetse nyanja yamchere.

Chovuta chili pa mawu akuti nyanja. Ife timatchula nyanja ya Malawi ndi Indian Ocean ndi dzina limodzi, ndiye mwana amaganiza kuti ndi chinthu chomwecho. Mukapanda kukonza pamenepa tsiku loyamba, sabata yonse mukhala mukunena za kwina iwo akumva za kwina.

Ine ndimayambira pa madzi amene ana amawadziwa. Ndimawatulutsa panja m'mawa dzuwa lisanakwere, nditatenga ndowa ya phulusa, n'kuthira pansi mzere wokhotakhota. Uwu ndi Bua, wachokera ku Mchinji, wadutsa kwathu kuno, wakathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Pamenepo ndimajambula chibwalo chachitali ngati chinangwa. Kumunsi kwake, ku Mangochi, kumatuluka Shire, amene amadutsa ku Liwonde, ku Chikwawa ndi ku Nsanje mpaka kukalowa mu Zambezi ku Mozambique. Zambeziyo ndiye amakakhuthula madzi mu Indian Ocean. Ndikafika apo sindijambulanso malire, phulusa ndimangolimwaza bwalo lonse lotsala mpaka kumpanda. Kenako mwana mmodzi amanyamula chitsononkho n'kuyenda nacho mumzere uja kuyambira ku Mchinji, anzake akutchula malo amene wafika ndi kuwerenga mapazi ake. Chichewa chalowa kale pamenepo, chifukwa pobwerera m'kalasi aliyense amafotokozera mnzake ulendo wa chitsononkho chija. Inu ngati muli kumpoto kwa boma tengani Dwangwa, nayenso amakathira m'nyanja yomweyo. Muwauzenso kuti karapau amene amamuona m'mafiriji a m'magolosale ndi nsomba ya m'nyanja yamchere, ndi kuti feteleza wambiri amene makolo awo amathira ku fodya ndi chimanga amabwera pa sitima zapamadzi n'kutsikira ku Beira kapena ku Nacala. Akamva zimenezi amadziwa kuti nyanjayo si nthano.

Tsiku lachiwiri apangireni madzi ake. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere mumakhala mchere wa magalamu pafupifupi 35, omwe ndi masupuni awiri akuluakulu osasefukira. Ikani mabotolo awiri, lina la madzi wamba lina la mchere. Koma chonde, pasakhale kapu imodzi yozungulira kalasi yonse. Kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira. Madzi akhale owiritsa kapena othira mankhwala, ana asambe m'manja ndi sopo, inu muziwadonthezera kadontho pachikhatho kuti anyambite basi. Nkhope zimene amachita akalawa, muwauze azijambule m'makope, ndiyo ntchito ya zojambula ya tsiku limenelo. Madzi amchere otsalawo thirani pang'ono pa chivundikiro cha poto n'kuika padzuwa poti mbuzi sizifika. Madzi akauma amapeza mchere uli mbuu, ndipo amakanganirana kuugwira.

Ndaona wina walemba kuti muike dzira m'madzi amcherewo liyandama. Ameneyo sanayese. Pa muyeso wa m'nyanja uja dzira latsopano limamirabe. Kuti likwere pamafunika mchere wochuluka katatu kapena kanayi. Mukafuna kuonetsa zimenezo yesani kaye kunyumba, ndipo musawauze ana kuti amenewo ndiwo madzi a m'nyanja, mungawanamize. Chosavuta ndi beseni la madzi wamba, mwala, msomali, nthenga, chitsononkho, ndimu ndi kamtengo. Ana ayambe anena ngati chimira kapena chiyandama, kenako muchiponye, n'kulemba timizere pa bolodi mbali ziwiri. Imeneyo ndiyo galafu yawo yoyamba, ngakhale iwo sadziwa.

Ngati ku sukulu kwanu kapena ku TDC (likulu la aphunzitsi la zoni yanu) kuli mapu a dziko ozungulira aja onga mpira, abwerekeni. Mwana atseke maso, inu muwazunguze, iye awaimitse ndi chala. Chagwa pamadzi kapena pamtunda? Aike chitsekerero cha botolo pa mzere woyenera. Mukachita ka 40 kapena 50 mzere wa madzi umautaya kutali wa mtunda, chifukwa pa magawo 100 a dziko lapansi, pafupifupi 71 ndi madzi. Muonetsetse kuti zala sizikungogwa kumtunda kwa mpirawo, poti mtunda wambiri uli kumpoto kwa dziko ndipo galafu ikhoza kupendekeka.

Galafu imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya miyendo. Nsomba ilibe, kamba ali ndi 4, starfish (tinyama ta m'nyanja tooneka ngati nyenyezi) zambiri zili ndi 5, octopus 8, nkhanu 10. Apa zithunzi zisanu zojambula nokha ndi maka pa katoni zakwana. Mzere wa nsomba umakhala wopanda kanthu, ndipo ndi pamene ana ambiri amamvetsa kuti ziro ndi nambala nayenso. Nkhanu ndiye muibweretse yeniyeni ya kudambo, m'chitini, muziigwira inu nokha. Amakangana ndithu ngati zopanira zija ndi miyendo kapena ayi, ena akuti 8 ena akuti 10, ndipo musawadule msanga, asiyeni awerenge mobwereza. Za namgumi musavutike ndi chithunzi. Wamkulu kwambiri amafika mamita 30. Yezani chingwe chotalika choncho pa bwalo, ana agone motsatizana mutu ndi mapazi, mupeza kuti alowa cha m'ma 25. Mukawauza kuti chinthu chimenechi si nsomba, chimapuma mpweya ndipo chimayamwitsa mwana wake ngati ng'ombe, kalasi imangoti zii.

Tsopano chimene ndalembera zonsezi, madamu, ndi ichi. Samalani ndi funso limene mukufunsa ana popanga galafu ya iwo eni.

Mapepala aja atandikanika ndinaganiza kuti ndifunse za nsomba zimene akuzidziwa. Munali mu February. Ndinathira phulusa mizere inayi pansi pa mtengo, wa usipa, wa utaka, wa matemba ndi wa mlamba, n'kunena kuti aliyense aime pa nsomba imene kwawo adya sabata imeneyo. Ana anathamanga, fumbi koboo. Mtsikana wina wamng'ono anatsala pa tsinde la mtengo atagwira kope lake pachifuwa ndi manja onse awiri. Ndisanayankhule, mnzake woyandikana naye nyumba anafuula kuti, “Madamu, kwawo akungodya nkhwani zopanda nsima!” Ena anaseka. Mwana uja sanalire pomwepo, anangoweramitsa mutu n'kumakanda pansi ndi chala cha kuphazi. Nditayang'ana m'mizere muja ndinaonamo ana ena amene ndinkadziwa bwino lomwe kuti kwawo moto sukuyaka masana, ataima pa usipa kuti asaoneke. Galafu yanga inali yabodza, ndipo inali itavula mwana pagulu. Anajomba masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapita kwawo nditaweruka, ndinapeza agogo ake akusenda maungu aang'ono osakhwima, ndinakhala pa mkeka n'kupepesa. Anabwerera ku sukulu, koma teremu yonseyo sanakwezenso mkono m'kalasi mwanga. Mpaka lero nkhani imeneyi imandiwawa.

Ndiye musafunse za chimene adya, chimene ali nacho kwawo, kapena ngati anapitako kunyanja. Mafunso otere amagawa ana olemera ndi osauka inu muli pomwepo. Funsani zinthu zimene zili patsogolo pa onse. Ine masiku ano ndimagula kamulu ka nsomba zouma zosakaniza pamsika, ndimagawira magulu m'timbale, iwo n'kumasankhula mtundu ndi mtundu, kuwerenga, ndi kuika zitsekerero. Mukafuna kuti avote, mwachitsanzo nyama imene akufuna mudzawauze nthano yake Lachisanu, ikani zitini kuseri kwa chitseko, aliyense akaponye chitsekerero chake payekha, kenako mukhuthule ndi kuyala onse akuona. Apo palibe wotsata mnzake ndipo palibe wochita manyazi.

Nsomba zenizenizo musazimate pa tchati. Nyerere ndi makoswe zimamaliza usiku umodzi, pamodzi ndi pepala lomwe. Mukatha phunziro ziwerengeni n'kuzichotsa.

Pa galafu yeniyeniyo, cholakwika chimene ndimachiona ngakhale kwa aphunzitsi anzathu ndi kusalemba mabokosi. Mwana amayala zitsekerero 4 motalikirana, mnzake 6 mothithikana, kenako kalasi yonse imati 4 ndiyo yambiri poti mzere wake watalika. Dulani katoni lalikulu, lembanipo mabokosi ofanana ndi rula, pansi pakhale mzere umodzi woyambira. Bokosi limodzi, chitsekerero chimodzi. Akazolowera pansi ndiye asamukire m'makope, kupaka mabokosi ndi pensulo, osati kuyambira m'kope. Ndipo galafu ikatha musangoombetsa m'manja. Funsani kuti wautali ndi uti, waufupi ndi uti, wasiyana ndi zingati, nanga iwiri iyi pamodzi ndi zingati. Kuchotsera ndi kuwonkhetsa kuli pamenepo.

Zogula n'zochepa. Pamene ndinagula komaliza pa boma, maka imodzi inali pakati pa K1,500 ndi K2,500, paketi ya mchere cha m'ma K1,000, kamulu ka nsomba kongokwanira phunziro cha m'ma K2,000. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho onjezeranipo pang'ono. Maka zotchipa za pa benchi muziyese pomwepo musanalipire, zambiri zimakhala zouma kale. Makatoni pemphani m'magolosale tsiku limene alandira katundu. Zina zonse ndi TALULAR yomwe ija tinaphunzira ku koleji, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Lankhulani ndi ahedi, mwina pa ndalama za SIG (zimene boma limapereka zotukulira sukulu) angakupatseni ya maka ziwiri.

Mphindi 30 za phunziro limodzi sizikwana kutuluka panja, kuthira phulusa ndi kubwerera, ndiye mapu a Bua aja muwathire ana asanalowe, kapena muphatikize maphunziro awiri otsatizana. Zitsekerero yambani kutoleretsa kudakali milungu iwiri, ndipo zikhale zapulasitiki, zachitsulo zija zimachita dzimbiri ndi kucheka zala. Muzitsuke ndi sopo, muziwerenge pogawa ndi potolera, chifukwa ana aang'ono amaziika m'kamwa. Ine ndili ndi chidebe chimodzi cha zotsala chaka chatha, zambiri zabuluu ndi zofiira. Ngati a PEA anu (alangizi a maphunziro a zoni yanu) amakumana ndi athu pa boma, ndiuzeni ku inbox ndiwapatsire.