Funsani Tikuyankheni: AC yanga ikuwuzira mofooka ndipo ikudontheza madzi

FUNSO: Ndili ndi nyumba yogona alendo pafupi ndi nyanja kuno ku Nkhotakota, ndipo m'zipinda ziwiri ndinaikitsamo makina oziziritsa mpweya, aja timangowatchula kuti AC. Poyamba zipinda zinkazizira bwino, koma chiyambire Okutobala AC imodzi ikuwuzira mofooka, ikudontheza madzi pakhoma, komanso mayunitsi a magetsi akutha msanga. Poopa fumbi ndi nkhungu za m'nyanja, ndinayala kansalu pamwamba pake. Mmisiri wina wandiuza pafoni kuti gasi watha. Kodi ndithiritse gasi wina? Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mayi, musafulumire kutulutsa ndalama ya gasi. Yambani mwachotsa kansaluko, chifukwa pa zonse zimene mwafotokozazi, ndi komwe tikukakayikira kwambiri.

Anthu ambiri amaganiza kuti AC imatenga mpweya wozizira kunja n'kuulowetsa m'nyumba, koma sizili choncho. Chigawo chimene chili pakhoma m'chipindamo chimakoka mpweya wa m'chipinda momwemo kudzera m'mipata ya pamwamba pake, n'kuudutsitsa pa sefa, kenako pa timapaipi tozizira tokhala ndi timalata topyapyala, ndipo fani imaukankhira kunsi utazizira. Mpweya womwewo umangozungulira. Choncho umene ukutuluka sungapose umene walowa, ndipo mutatseka polowera pake, makinawo amakhala ngati munthu amene akuthamanga atamangidwa nsalu pamphuno.

Chimene chimatsatira n'chodabwitsa kwa ambiri. Mpweya wofunda ukamafika wochepa, timapaipi tija timazizira mopitirira muyezo mpaka chinyezi chimaundana n'kukhala ayezi. Ayeziyo amatsekanso timipata totsala, ndipo akamasungunuka madzi amachuluka n'kusefukira pakhoma m'malo motsika ndi paipi yotulutsira kunja. Pa nthawi yonseyi kompuresa, injini yopopa gasi imene ili m'chigawo cha AC chimene chimakhala kubwalo, imakhala ikuguguda osapuma popeza chipinda sichikufika pa kuzizira kumene mwatchera pa rimoti, ndipo kumeneko n'kumene mayunitsi anu akuthera.

Tsono chitani izi. Zimitsani makinawo pa switchi ya pakhoma, ndipo ngati muli ayezi dikirani kuti asungunuke okha, osawagogoda ndi mpeni kapena chitsulo. Tukulani chivundikiro cha kutsogolo, mupeza masefa awiri a pulasitiki amene amasololoka ndi manja. Yang'anitsani sefa imodzi kudzuwa: ngati kuwala sikukudutsa, ndipo fumbi lagwirana ngati kabulangete kotuwa komatuka ndi chala, ndiye kuti mwapeza gwero la vutolo. Tsukani masefawo ndi madzi wamba kapena ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 40, pothira madziwo kuchokera kumbuyo kuti litsiro lituluke njira imene linalowera. Sopo pang'ono ndi burashi yofewa n'zokwanira. Yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa la ku Nkhotakota likhoza kupinda pulasitikiyo, ndipo musawabwezeretse asanaumitsitse, kuopa chuku ndi fungo loipa limene alendo anu sangalipirire.

Timabuku tobwera ndi makinawa kawirikawiri timalangiza kutsuka masefa pa masabata awiri aliwonse. Kwa inu okhala m'mbali mwa nyanja, ife tikuti musadumphitse n'komwe kuyambira nyengo ya mwera mpaka mvula itagwa, pakuti ndiyo nthawi ya fumbi, mchenga ndi phulusa la moto wolusa m'tchire. Onetsetsaninso kuti katani, wadilopu kapena masutikesi sizikutchinga pamwamba pa makinawo, komanso kuti pakati pa makina ndi siling'i pali mpata wa masentimita ngati 15. M'mabanki ndi m'mahotela akuluakulu, momwe mpweya umayenda m'mipita ya kudenga, lamulo ndi lomweli: zibowo zobwezera mpweya ku makina sizitsekedwa, ndipo ngakhale sefa yokhuthala kwambiri kuposa imene makinawo anapangidwira imafooketsa mpweya.

Nkhawa yanu ya nkhungu ndi yomveka, koma malo ozitchingira ndi pawindo ndi pakhomo. Ikani waya wa sefa m'mawindo, ndipo zikatuluka m'nyanja tsekani zitseko ndi kuzimitsa magetsi osafunikira, poti zimathamangira kuwala. Chimene chimavutika nazo kwenikweni ndi chigawo cha kubwalo chija, pakuti fani yake imazikokera m'timalata pamodzi ndi fumbi ndi masamba. Muchizimitse, muchitsuke mosamala ndi madzi osathamanga kwambiri, ndipo musachizinge ndi mpanda wothithikana kapena kuunjikapo katundu, chifukwa kutentha kochokera m'chipinda kumatulukira pamenepo. Suzumiraninso kukamwa kwa paipi yotulutsa madzi, popeza litsiro ndi tizilombo timaitseka.

Pa nkhani ya gasi, dziwani kuti gasi wa AC sapsa n'kutha ngati wophikira. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, moti akachepa ndiye kuti penapake paboola kapena polumikizira pamasuka. N'zoona kuti kuchepa kwa gasi nako kumaundanitsa ayezi, koma zimenezo sizidziwika pafoni. Mukachotsa nsalu, kutsuka masefa ndi kutchera rimoti pa madigiri 24, yatsani kwa ola limodzi zitseko zili zotseka. Ngati mpweya ukutuluka mwamphamvu koma wosazizira, kapena ayezi wabwereranso, itanani mmisiri adzayeze ndi zida zake inu mukuona, apeze pamene pakutuluka gasi n'kutsekapo, kenako athire gasi wa mtundu umene walembedwa pa chikwangwani cha m'mbali mwa chigawo cha kubwalocho.