Chipewa cha nsonga ndi mphonje, ndi anthu oti ku Mangochi kulibe chisanu

Ndalandira imelo ya achemwali ena a ku Namwera. Mlongo wawo ali ku Joni ndipo wakhala akudandaula chisanu, ndiye akufuna kumulukira chipewa cha mphepo chosongoka, cha mphonje kunsonga, chonga chimene anachiona pa Facebook. Chimene aluka chikumagwera m'maso, ndipo nsonga sikutuluka, pamwamba pangoti phwatalala. Kumapeto alemba kuti: "Anzanga akundiseka, akuti ku Mangochi kotenthaku chipewa cha mphepo n'chachiyani, komanso pa kaunjika zilipo zotchipa. Ndingosiya?"

Achemwali, za muyeso ndiyankha. Koma anzanuwo andiputa.

Amene amati ku Mangochi kulibe chisanu ndi anthu obwera kunyanja mu Okutobala, n'kugona mu loji ya fani, n'kubwerera kwawo akupukuta thukuta. Inde, miyezi imeneyo kuno kumawotcha mpaka nsapato ya pulasitiki kufewa. Koma abwere mu Juni kapena Julayi mwera ukamakuntha, adzaime padoko mbandakucha pamodzi ndi amayi odikira usipa. Adzaone alovi akutsika m'boti atachezera usiku wonse ndi chilimira, malaya ali chonyowa, makutu atauma gwa. Anyamata a njinga zamoto okwera mapiri a ku Chowe m'mamawa nawonso awafunse. Ndipo chodabwitsa n'chakuti onena zimenezi ndi a ku Namwera komweko, kumtunda kumene anthu amawotha moto ife a kuboma tikungofunda chitenje! Nanga za ku Joni ndiye tinenenji? Nyanja yathuyi ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, pamene Johannesburg ali pa mamita oposa 1,700. Ku Joniko usiku wa mu Julayi kumazizira mpaka madzi kuchita chipale, ndipo mu Julayi 2023 kunagwa sinowo. Mwana wokulira ku Mpondasi kapena ku Makanjira akafika kumeneko ndi kajuzi kamodzi, makutu ndiwo amayamba kulira.

Ine ondiphunzitsa kuluka anali azakhali anga, alongo awo a bambo. Sanapite ku sukulu ya zaluso iliyonse. Singano yawo yoyamba inali sipoko ya njinga imene amuna awo anainola n'kuipinda kangowe kumapeto. Ankaluka mizuli ya azibambo a kumzikiti, toyala pamipando, ndi zipewa za ana a m'mudzi monse. Lamulo lawo linali limodzi: mutu umene sanauyeze sankaulukira. Munthu akabwera n'kunena kuti "n'cha mwana wanga, ndi wamkulu ngati uyu," ankamubweza kuti akamutenge mwanayo. Anthu ankati ndi amwano. Ankayeza ndi kansalu kong'amba m'mphepete mwa chitenje, n'kumanga mfundo pamene kakumanirana, ndipo tinsalu timeneto tinkalendewera pamsomali kuseri kwa chitseko, kalikonse akudziwa mwini wake popanda kulemba dzina. Achimwene anga atayamba kupita kunyanja usiku, azakhaliwo anamasula juzi yawo imene ankapita nayo kumaliro n'kuwalukira chipewa chofika m'makutu. Anzawo m'boti ankawaseka chifukwa cha mtundu wake wofiirira, koma ndi omwewo amene ankabwereka achimwene akakhala kuti sakupita. Chipewa chimenecho sichinagwerepo m'madzi ngakhale mwera utavuta chotani, chifukwa chinali chogwira mutu.

Ndiye za kaunjika. Inenso ndimagula pa kaunjika, sindinama. Koma chipewa cha m'belo chinavalidwa kale ndi mutu wina kwa zaka, chinachapidwa m'makina, lamba wake wam'munsi anatha mphamvu. Mukachivala tsiku loyamba chimaoneka bwino, pakutha pa sabata chayamba kutsetsereka. Ndinene mosabisa: pa kaunjika musamagule chipewa, muzigula juzi yoti mumasule. Ulusi wa majuzi ena akale ndi wankhosa weniweni, umene umafunditsabe ngakhale utanyowa pang'ono. Umene timagula m'mashopu n'kumautcha wulu nthawi zambiri ndi acrylic. Si woipa, umachapika bwino komanso suyabwa, koma sufika pa wankhosa. Posankha juzi, itembenuzeni muone msoko wam'mbali. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kusokedwa ndi ovaloko, isiyeni, mudzangotola tizidutswa. Ngati zigawo zake zinangolumikizidwa osadula, ulusi umatuluka wautali. Ukatuluka wopotanapotana, ukulungeni kumsana kwa mpando, muumange, muuviike m'madzi ofunda n'kuuyanika pamthunzi, uwongoka. Wathonje ayi. Ndi wabwino pa mzuli ndi toyala patebulo, koma sufunda ndipo ukatamuka subwerera.

Zimandiwawanso kuti ntchito ya manja a mayi anthu amaiyeza ndi mtengo wa chinthu chotayidwa kunja. Wina amakupeza uli pakhonde ukuluka n'kunena kuti ulibe chochita. Yemweyo mawa akubwera kuti umulukire cha mwana wake, kenako n'kumanenerera mtengo mpaka ndalama yosakwana ndi ulusi womwe. Ine ndinasiya kukangana nawo, ndimangowalozera njira ya kumsika.

Muyeso

Vuto la chipewa chanu ndi lakuti mwina munachiluka chofanana ndendende ndi mutu, kapena munangotsatira manambala a pa vidiyo. Choluka chimatamuka. Chipewa chiyenera kuchepa ndi masentimita 3 mpaka 5 poyerekeza ndi mutu. Mitu ya akuluakulu ambiri imakhala pakati pa masentimita 54 ndi 58, koma musaganizire. Muuzeni mlongo wanuyo azunguze chingwe, ngakhale cha tchaja, kudutsa pachipumi ndi pamwamba pa makutu, achiyeze pa rula, akutumizireni nambala pa WhatsApp. Chikakhala cha mayi, ayeze tsitsi lili mmene amalisungira nthawi yozizira, chifukwa mameshi amawonjezera mutu kwambiri.

Mavidiyo ambiri amayambira kunsonga kutsika m'munsi. Ine ndimakana. Mukayambira kunsonga mumadziwa kuti chakula mutatha kale ulusi ndi masiku. Yambirani pa lamba. Ndi ulusi wapakatikati umene pa pepala lake amalemba DK, tengani singano ya ngowe ya mamilimita 4. Lukani matcheni 11, kenako masitichi aafupi otchedwa single crochet mobwerezabwereza, popita ndi pobwerera, koma nthawi zonse muzibaya kachingwe kakumbuyo kokha. Zimenezi zimatulutsa timizere totamuka ngati ta pamkono wa juzi. Mutu ukakhala wa 56, lamba alekere pa 51 kapena 52 asanakokedwe. Lumikizani mbali ziwirizo, ndipo ngati pali munthu wa mutu wofanana pafupi, muvekeni. Lambayo akakhala bwino, chipewa chatha kale, zotsalazo ndi zokongoletsa.

(Chenjezo kwa oonera YouTube: chimene a ku America amati single crochet, a ku Britain amati double crochet; ine pano ndikutchula mwa ku America. Muziona manja a munthuyo, osangomvera pakamwa pake.)

Nsonga

Kuzungulira m'mphepete mwa lamba tolani masitichi a half double crochet (otalikirapo pang'ono kuposa a single crochet), chiwerengero chake chikhale chogawika ndi 6. Pa dzanja langa amakwana 78, pa lanu akhoza kukhala 72 kapena 84, zilibe kanthu bola pasachite makwinya. Zungulirani osachepetsa mpaka chipewa chitalike masentimita 12 kapena 13 kuchokera m'munsi mwa lamba. Apa ndi pamene mutu umayamba kupindika. Gawani masitichiwo m'magawo 6, muike kaulusi ka mtundu wina pa malire aliwonse, ndipo pochepetsa muziluka awiri pamodzi pa malire onsewo.

Chinsinsi chonse cha nsonga ndi liwiro la kuchepetsa. Mukachepetsa pa mzere uliwonse, mupeza chipewa chobulungira, chimene ndikukhulupirira ndicho chinakuchitikirani. Mukachepetsa mzere umodzi n'kudumpha umodzi, nsonga imatuluka yoima, yapakatikati. Mukadumpha mizere iwiri, imatalika n'kugwera kumbuyo kapena paphewa. Kwa munthu wogwira ntchito pa makina kapena pa zomangamanga, monga ambiri a kwathu kuno amene ali ku Joni, yaitaliyo ayi, ingakodwe. Mulukireni yapakatikati. Komanso mwamuna wa ku Mangochi amene ndikumudziwa ine sangayende mu Johannesburg ndi mchira wofika pamsana, achibisa m'chikwama n'kukunamizani kuti akuvala. Mukatsala ndi masitichi 6, dulani ulusi motalikirapo, muulowetse mwa onsewo n'kukoka. Mpira umodzi wa magalamu 100 umatha kukwana chobulungira, koma cha nsonga ndi mphonje gulani iwiri nthawi imodzi, chifukwa mukadzabwerera kushopu mtunduwo mudzaupeza utasiyana pang'ono kapena utatha.

Mphonje ndiye yosavuta. Dulani katoni ya masentimita 10 kapena 12, zunguzanipo ulusi maulendo 30 mpaka 40, mangani kumtunda ndi ulusi wautali wopinda pawiri, dulani kumunsi, kenako mangani khosi masentimita awiri kuchokera pamwamba n'kulinganiza ndi sizasi. Isalemere, ikalemera imakokera chipewa kumbuyo. Ulusi womangirawo muulowetse mkati mwa nsonga n'kuusokerera m'mizere ingapo, osangomanga mfundo imodzi. Cha mwana wakhanda musaikepo mphonje, amaikoka n'kuika mkamwa. Pochapa, madzi ozizira, osafinya mopotokola, ndipo chiyanikidwe chogoneka, osati pachingwe.

Mlongo wanuyo mumuuzenso zochapazi, apo ayi adzachiponya m'madzi otentha pamodzi ndi maovolosi. Ndipo fulumirani kuchipereka kwa a basi, ku Joni chisanu chimayamba mu Meyi.