Chifukwa chake backup yanu ikutuluka yopanda kanthu pa Ubuntu

Achimwene, mwati pulogalamu yanu ya Python ili ndi mzere wakuti `subprocess.run("pg_dump sukulu &> backup.sql", shell=True)`, ndipo pa laputopu ya Fedora imayenda bwinobwino, koma pa seva ya Ubuntu fayilo ikutuluka yopanda kanthu, popanda ngakhale uthenga wodandaula. PostgreSQL, pulogalamu ya database imene pg_dump imaipangira backup, isiyeni, ilibe mlandu. Vuto lili pa kachizindikiro aka ka `&>`.

Mukalemba `shell=True`, Python sifunsa kuti inu mumagwiritsa ntchito shell yanji (pulogalamu yomasulira malamulo amene mwalemba) pa terminal. Imangotenga mzere wonsewo n'kuupereka kwa `/bin/sh`. Tsono `/bin/sh` ndi dzina chabe, amene amayankha ku dzinalo amasiyana makina ndi makina. Pa Fedora ndi shell yotchedwa bash. Pa Ubuntu ndi dash kuyambira 6.10 ya mu 2006, anaisankha chifukwa ndi yaing'ono ndipo imathamanga poyatsa kompyuta. Debian inatsatira mu 6.0 ya 2011. Mukaika pulogalamuyi mu Docker ya Alpine (Linux yaing'ono) mukakumana ndi shell ina, ash ya BusyBox. Lembani `ls -l /bin/sh` pa makina onse awiri, muona nokha.

Bash imamva `&>` ngati chizindikiro chimodzi: zonse zotuluka zipite mu fayilo. Dash simadziwa zimenezo. Iyo imaona `&` payokha, n'kuti yendetsa pg_dump kumbuyo, usaidikire. Kenako imaona `> backup.sql`, n'kupanga fayilo yopanda kanthu, n'kubweza 0 ngati kuti zonse zayenda. Ichi n'chimene chimandikwiyitsa nazo. Bola zina za bash monga `[[` kapena `source`, chifukwa dash imakuuzani mosabisa kuti "not found". Koma ili limakhala chete, ndipo ngati panali backup yabwino ya dzulo ya dzina lomwelo, yafufutidwa kale. Yang'anani lero lomwe.

Ena m'gulu muno akuuzani kuti muwonjezere `executable="/bin/bash"`. Zigwira ntchito, inde, mpaka tsiku limene mudzasamukire pa makina opanda bash, monga Alpine ija. Kulemba `> backup.sql 2>&1` kumagwira pa sh iliyonse, koma sindingakulangizeni, chifukwa mauthenga a zolakwika azilowa m'kati mwa backup yeniyeniyo, n'kukuvutitsani pobwezeretsa.

Ine ndikanachotsa shell yonseyo:

`subprocess.run(["pg_dump", "-f", "backup.sql", "sukulu"], check=True)`

Apa Python ikuyitana pg_dump yokha, palibe wina pakati womasulira mawu anu mwa njira yake. Dzina la fayilo likhale ndi mpata, kaya munthu alembe `; rm` m'dzina la database, zonsezo zifika ngati mawu wamba, osati lamulo. Ndipo `check=True` ichititsa kuti pg_dump ikalephera, pulogalamu ikuwe m'malo mongopitirira. Pa Windows phindu n'lomwelo, chifukwa kumeneko `shell=True` imayitana cmd.exe, imene sigwira mawu ndi chizindikiro cha `'` ngati mmene sh imachitira. Anzathu a Node.js, nkhani ndi imodzimodzi: `exec` imadzera pa `/bin/sh`, pomwe `execFile` sidzera.

Ngati muli ndi ma script ena oyamba ndi `#!/bin/sh`, ayeseni ndi zida zofufuzira zolakwika monga ShellCheck kapena `checkbashisms`, imene imabwera mu phukusi la devscripts pa Ubuntu. Mukatero tumizani zimene zatulukazo pano tizione limodzi.