Kuika Linux pa hard disk kudzera mu VirtualBox

Achimwene a ku Nchalo, mwafunsa ngati mungachotse hard disk mu laputopu yanu yomwe mabowo ake a USB adafa, n'kuilumikiza pa kompyuta ina kuti muikemo operating system kudzera mu virtual machine (kompyuta yongoyerekeza imene pulogalamu ya VirtualBox imapanga mkati mwa kompyuta yeniyeni). Zimatheka ndithu, simufunika kukwera nayo chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre.

Mukailumikiza ndi kachingwe ka SATA kopita ku USB, tsegulani Disk Management pa Windows muone nambala yake. Apa ndiye pofunika kudekha kwambiri. Disk 0 kawirikawiri imakhala ya kompyuta mukugwiritsa ntchitoyo, ndipo mukasokoneza nambala, zonse za mwini kompyutayo zifufutika. Yang'anani kukula kwake, muizule, muibwezerenso kuti mutsimikize kuti yasowa pamndandanda ndi yomweyo. Kenako muiike Offline kuti Windows isamailembe pamene VirtualBox ikuigwiritsa ntchito.

Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulowe mu foda ya VirtualBox. Pa VirtualBox 7, yomwe idatuluka mu 2022, lembani:

VBoxManage createmedium disk --filename disiki.vmdk --format VMDK --variant RawDisk --property RawDrive=//./PhysicalDrive1

Nambala yakumapetoyo musinthe ikhale ya disiki yanu. Kafayilo ka vmdk kameneka n'kakang'ono, kamangoloza ku disiki yeniyeniyo. Mukalumikize ku virtual machine pamodzi ndi ISO (fayilo yoikira operating system), VirtualBox nayo mutaitsegula ngati administrator. Mukamaliza kuika system, disikiyo muibwezere mu laputopu.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi ichi: kadzukidwe ka virtual machine kafanane ndi ka laputopu, kaya ndi kakale kotchedwa BIOS kapena katsopano kotchedwa UEFI. Ngati laputopuyo ndi yakale ya BIOS, musayatse EFI mu Settings za virtual machine. Ngati ndi ya UEFI, yatsani. Mukasemphanitsa, disiki idzakhala ndi zonse koma laputopu idzakana kudzuka. Pa UEFI palinso kena: dzina la system yatsopano limalembedwa mu memory ya virtual machine, osati pa disiki, ndiye mwina mudzafunika kuisankha nokha pa boot menu ulendo woyamba.

Ine ndingakulangizeni Linux Mint kapena Ubuntu. Linux imanyamula madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta) ambiri mkati mwake, ikasamuka makina imazolowera yokha. Windows ndi yovuta, nthawi zina imaima ndi uthenga wa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, imathanso kufuna activation (kutsimikizira laisensi) mwatsopano. Komanso Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 imafuna chipangizo chachitetezo cha TPM 2.0 chomwe malaputopu akale ambiri alibe. Guest Additions (mapulogalamu owonjezera a VirtualBox) musaike, ndi za mu virtual machine basi.

Ntchitoyi muigwire m'mamawa kusanatenthe. Kutentha kwathu kuno ku Chigwa kumazimitsa kompyuta ikamagwira ntchito yolemera, ndipo ikazima kapena magetsi akathima disiki ikulembedwa, mudzayambiranso. Batire likhale lodzaza, ndipo zithunzi ndi mafayilo a pa disikiyo muyambe mwakopera kwina chifukwa zonse zifufutika.