Tiyankheni Abusa: Yehova, Chauta kapena Yahweh?

Abusa, ndine mayi wa Chigwirizano ndipo ndimakhala ku Dedza. Mwezi wathawu tinali pa maliro a malume anga. Usiku pa siwa, mtsikana wina anatsegula Baibulo lake n'kuyamba kuwerenga Salimo 23 kuti, "Chauta ndiye mbusa wanga." Asanafike ndime yachiwiri, achimwene anga aakulu anamudula pakamwa, amvekere Baibulo limenelo n'lopotoka, Chauta ndi wa kukachisi kwa makolo, lathu limati Yehova. Pomwepo mwana wanga wa Folomu 4 anatulutsa foni n'kunena kuti tonse talakwa, dzina lenileni ndi Yahweh ndipo omasulira anabisa dala. Nyimbo zinaima, anthu n'kuyamba kukangana mtembo uli m'nyumba. Zinandipweteka kwambiri. Ine ndapemphera kwa Yehova kuyambira ndili kamtsikana. Kodi zaka zonsezi ndakhala ndikuitana dzina lolakwika? Nanga Baibulo lolondola ndi liti?
Mayi wodandaula, Dedza

Mayi, pepani ndi maliro a malume anu, ndipo pepaninso kuti usiku wolira unasanduka wa mkangano. Ndiyambe ndi chimene chakusowetsani tulo: simunaitane Mulungu wolakwika, ndipo palibe womasulira amene anabisa kanthu. Koma mwana wanu wagwirako mfundo ina yoona, achimwene anunso ali ndi yawo, ndiye tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono.

M'Chipangano Chakale cha Chiheberi, Mulungu ali ndi dzina lakelake lolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, zimene m'kalembedwe kathu ndi YHWH. Limapezeka koposa ka 6,800, kuposa dzina la munthu wina aliyense m'Baibulo. Ndi losiyana ndi Elohim, limene timamasulira kuti Mulungu, komanso ndi Adonai, limene timati Ambuye. Awiriwo ndi maina a udindo, ngati kunena kuti mfumu kapena bambo. YHWH ndi dzina lenileni la mwini wake, limene Mose anauzidwa pa chitsamba choyaka moto, pa Eksodo 3:15. Ndipo si m'Baibulo mokha. Mwala umene Mesa, mfumu ya Mowabu, analembetsa cha m'ma 840 Yesu asanabadwe, umene unapezeka ku Dhiban m'dziko la Jordan mu 1868 ndipo tsopano uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre mu Paris, uli ndi zilembo zinayi zomwezi.

Vuto lili pa katchulidwe. Aheberi akale sankalemba zilembo za liwu, a, e, i, o, u. Ankalemba mafupa okha a mawu, wowerenga n'kumavekapo mnofu yekha. Tayesani Chichewa: ndikalemba MBL, kodi ndati mbale, mbali kapena mbola? Mwini chinenero amadziwa poona nkhani yake. Mawu ena onse a Chiheberi anasungika katchulidwe kake chifukwa anthu ankawatchula tsiku ndi tsiku. Koma dzina ili Ayuda anasiya kulitchula zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, chifukwa cha ulemu komanso kuopa kulitchula pachabe. Ife izi sitizidabwa. Mkamwini waulemu satchula dzina la apongozi ake, ndipo mayi wachikulire timamuitana pa mfunda, a Naphiri, a Nabanda, ngakhale dzina lake tikulidziwa. Ayuda akafika pa zilembo zinayizo powerenga ankati Adonai. Mabuku awo a mwambo amanena kuti mkulu wa ansembe ankalitchula m'Kachisi pa Tsiku la Chitetezo, koma Aroma atagwetsa Kachisiyo m'chaka cha 70, mwambo umenewonso unatha.

Patapita zaka mazana ambiri, alembi achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias, anayamba kuika timadontho ndi timizere pansi ndi pamwamba pa zilembo kuti katchulidwe ka Malemba kasatayike. Buku lathunthu lakale kwambiri la ntchito yawo ndi lotchedwa la Leningrad, lolembedwa cha m'ma 1008, ndipo omasulira ambiri lero amatsamira pa limeneli. Atafika pa YHWH, alembiwo sanaikepo timadontho ta dzinalo. Anaikapo ta Adonai, kuti wowerenga akumbukire kunena Adonai.

Ndikukumbukira tsiku limene zimenezi zinandilowa m'mutu, ndili mnyamata pa sukulu ya ubusa. Tinkawerenga Genesis 2:4 mokweza, chala chili pa mzere, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nditafika pa dzinalo ndinatchula monga timadontho tinalili, ndinati Yehova. Mphunzitsi wathu anandiimitsa n'kupita pa bolodi. Analemba B-ND n'kunena kuti awa ndi agogo anu a Banda, koma kwanu simuloledwa kuwatchula dzina, mumangoti Gogo. Kenako pansi pa zilembozo anaikapo o ndi o za Gogo, kuti zikukumbutseni. "Tsono mlendo wosadziwa mwambo wa pakhomo panu awerenga kuti chiyani?" Tonse tinayankha pamodzi kuti Bondo. M'kalasi munagwa bata, chifukwa tinaona kuti Yehova anabadwa chimodzimodzi: mafupa a dzina limodzi atavekedwa mnofu wa dzina lina. Umboni wake uli m'Baibulo la Chiheberi momwemo. Pamene Adonai ndi YHWH aima moyandikana, monga pa Genesis 15:2, alembiwo anaika timadontho ta Elohim, kuti wowerenga asanene Adonai kawiri. Timadonthoto tikanakhala ta dzina lenilenilo sitikanasinthasintha chotere.

Akhristu a ku Ulaya ataphunzira Chiheberi anawerenga zimene maso awo anaona. William Tyndale analemba dzinali m'Chingerezi mu 1530 pomasulira mabuku asanu a Mose, ndipo linafalikira. Kwa ife linafika kudzera mu Buku Lopatulika, limene William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anatsogolera kumasulira kwake pamodzi ndi amishonale ena ndi anthu a kuno, n'kutuluka lathunthu mu 1922. Iwo anasankha kulemba Yehova pamene pali dzinalo, ndipo ine ndimawayamika pa chimenechi, chifukwa Baibulo lachingerezi la King James la 1611 pafupifupi paliponse linangolemba LORD m'zilembo zikuluzikulu, kusiyapo malo ochepa ngati Eksodo 6:3 ndi Salimo 83:18. Agogo athu analandira Baibulo loonetsa dzinali poyera kuposa limene Angerezi ambiri ankawerenga.

Za Yahweh wa mwana wanu, akatswiri ambiri a Chiheberi amagwirizana kuti katchulidwe kameneko ndi koyandikira kwambiri ku kakale. Zifukwa zake n'zomveka. Chidule cha dzinali ndi Ya, ndipo inu mumachitchula Sabata lililonse mukamati Aleluya, kutanthauza kuti tamandani Ya. Chili kumapeto kwa maina a Eliya, Yesaya, Yeremiya ndi Zekariya. Olemba achikhristu akale a Chigiriki, monga Clement wa ku Alexandria ndi Theodoret, analemba dzinali m'njira yomveka ngati Yawe kapena Yave. Likugwirizananso ndi mneni wa Chiheberi wotanthauza kukhalapo, umene Mulungu anagwiritsa ntchito pa Eksodo 3:14 podzitcha Ine Ndili. Mumuuze mnyamatayo kuti zimene wapeza pa foni si chinsinsi chimene wina anakwirira. Baibulo la Akatolika la Malembo Oyera, la mu 1966, linalemba Yahve iye asanabadwe. Chodabwitsa n'chakuti mu 2008 likulu la Mpingo wa Katolika ku Rome linalamula kuti dzinali lisamatchulidwe pa Misa, m'nyimbo ndi m'mapemphero a mu tchalitchi, potsata ulemu womwe uja wa Ayuda ndi Akhristu oyamba.

Tsopano kwa achimwene anu. Akunena zoona kuti Chauta ndi dzina limene makolo athu ankatchula uthenga usanafike. Linkamveka ku kachisi wa ku Msinja, kumene Makewana, mayi wamkulu wa pakachisipo, ankatsogolera mapemphero a mvula, ndipo ambiri amaligwirizanitsa ndi uta, uja wa Leza umene timauona mvula ikakata. Koma muwafunse mwaulemu kuti dzina lakuti Mulungu analibweretsa ndani. Silinabwere pa sitima. Makolo omwewo ndiwo ankalitchula, pamodzi ndi Namalenga, Mphambe ndi Chisumphi, ndipo omasulira a 1922 analitola pakamwa pa anthu n'kuliika pa Genesis 1:1. Aheberi nawo dzina lakuti El ankagawana ndi Akanani, ndipo Paulo polemba Chigiriki anagwiritsa ntchito liwu lakuti Theos, limene Agiriki ankatchulira milungu yawo. Munthu amene amakana Chauta chifukwa cha kachisi wa makolo akanenso Mulungu pa chifukwa chomwecho.

Omasulira Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 Akatolika ndi mipingo ina atagwirira ntchito pamodzi pansi pa Bible Society, anali ndi vuto lenileni patebulo. Ena anazolowera Yehova, ena Yahve, ndipo onse awiri ndi mawu obwereka. Anafuna dzina lomveka m'khutu la Mchewa ngati dzina la Wina wake, loti munthu akalimva mtima wake udumphe, ndipo anasankha Chauta. Paliponse pamene mwaona Chauta m'Chipangano Chakale cha Baibulo limenelo, dziwani kuti pansi pake pali zilembo zinayi zija. Mtsikana uja sanawerenge chopotoka ayi.

Mwafunsa kuti lolondola ndi liti, ndipo sindikubisirani maganizo anga. Ine Baibulo ndimaliyesa ndi funso ili: kodi wowerenga angathe kusiyanitsa pamene pali dzina ndi pamene pali udindo? Tsegulani Salimo 110:1, pamene Davide akunena kuti YHWH analankhula kwa Mbuye wake. Mukalemba Ambuye mbali zonse ziwiri, wowerenga asokonezeka kuti akulankhula ndani kwa yani. Pa 1 Mafumu 18:39, moto utagwa pa phiri la Karimeli, anthu anafuula kuti YHWH ndiye Mulungu, osati Baala. Mpikisano wonsewo unali wa maina awiri. Buku Lopatulika ndi Buku Loyera onse amakhoza mayeso amenewa.

Komabe lililonse limataya kena kake, ndipo mbusa woona ayenera kuvomera. Yehova amasunga mafupa a dzina la Chiheberi, mwakuti ubale wake ndi Aleluya ndi Eliya umaonekabe, koma zilembo zake za liwu n'zobwereka. Chauta amafika pamtima msanga, koma ubale umenewo umaduka. Pali malo amodzi amene ine Chauta amandivuta, pa Eksodo 5:2, pamene Farao akufunsa kuti ameneyu ndani, ine sindimudziwa. Mphamvu ya ndimeyo ili pakuti dzinali ndi la Mulungu wa akapolo, losadziwika kunyumba ya mfumu, ndipo dzina lozolowereka ngati Chauta limaziziritsako kunyoza kwa Farao. N'chifukwa chake pa tebulo langa pamakhala onse awiri. Pophunzitsa Eksodo ndimatsegula Lopatulika. Koma pa maliro a kumudzi ndawerengapo Salimo 23 ya Chauta, n'kuona agogo amene sanapiteko kusukulu akugwedeza mutu misozi ili mbwembwembwe.

Inu pitirizani kupemphera kwa Yehova monga anakuphunzitsirani amayi anu. Dzina lakuti Yesu nalonso amayi ake sankalitchula choncho, ankati Yeshua, ndipo linafika kwa ife litadutsa m'Chigiriki. Pa tsiku lokasesa kapena pa chikumbutso cha malume anu, mutenge Mabaibulo onse awiri, muwapatse achimwene anu Lopatulika, mwana wanu Loyera, awerenge Salimo 110 molandizana ndime ndi ndime.

*

Abusa, mnzanga wa kuntchito ndi wa Mboni. Baibulo lake lili ndi Yehova ngakhale m'Mateyu ndi m'Aroma, pamene langa likuti Ambuye. Akuti athu anachotsa dzinalo m'Chipangano Chatsopano. Kodi n'zoona?
Bambo wa ku Chipata, Zambia

Bambo, Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo mipukutu ndi zidutswa zake zakale zimene zilipo ndi zoposa 5,000. Mwa zonsezo palibe chimene chili ndi zilembo zinayi za YHWH. Zili ndi Kyrios, kutanthauza Ambuye, kapena nthawi zina Theos, kutanthauza Mulungu, ngakhale pamene wolemba akubwereza mawu a m'Chipangano Chakale okhala ndi dzinalo. Baibulo la Dziko Latsopano, limene mnzanuyo amawerenga, linaika Yehova malo 237 m'Chipangano Chatsopano. Mfundo ya omasulira ake si yongopeka. Pali makope akale a Chipangano Chakale cha Chigiriki, monga Papyrus Fouad 266 wa ku Egypt wolembedwa Yesu asanabadwe, amene anasunga dzinali m'zilembo za Chiheberi pakati pa mawu a Chigiriki. Iwo amati atumwi ayenera kuti anachita chimodzimodzi, alembi a pambuyo pake n'kusintha.

Ine ndimasiyana nawo pamenepo. Womasulira amasulire zimene zili pa mpukutu, ndipo zimene akuganiza kuti zinalipo kale azilembe m'munsi mwa tsamba kuti wowerenga aziweruze yekha. Muwerenge naye Aroma 10 kuyambira ndime 9 mpaka 13. Paulo akuyamba ndi kuvomereza kuti Yesu ndi Kyrios, kenako akubwereza Yoweli 2:32, kuti aliyense woitana pa dzina la Kyrios adzapulumuka. Mwa Yoweli pamenepo pali YHWH. Paulo wamanga ndime ziwirizo ndi liwu limodzi mwadala, ndipo mukalemba Ambuye pa ndime 9 koma Yehova pa ndime 13, mfundo imene anamangayo yamasuka. Mumupemphe mnzanuyo aike chala pa ndime ziwirizo, inunso muike pa lanu, muone zimene aliyense wapeza.